Fungo la amoniya pa kapeti: chonde mayi musathiremo lishiviya

Mayi wina waku Ulongué wandilembera kuti akachotsa madontho pa kapeti ndi madzi osakaniza amoniya, fungo limakhala mnyumba masiku awiri ana mpaka kumatsokomola, ndiye akufunsa ngati angathireko lishiviya pang'ono, ija ena amati Jik, kuti fungolo lithe. Mayi anga, nditawerenga mau amenewa ndinachita tsemwe thupi lonse. Ayi. Musayerekeze olo kadontho kamodzi.

Ine zimenezi zinandionekera ndekha. Munali mu 2012, nthawi ija Tete anadzaza ndi anthu obwera kudzagwira ntchito za malasha ku Moatize, lendi ikukwera mwezi ndi mwezi, ine ndikugwira ntchito ya mnyumba kwa banja lina ku Matundo. Unali mwezi wa Novembala, ndipo amene munakhalako mu mzinda wa Tete mukudziwa kutentha kwake, mpaka kupitirira madigiri 40, mazenera onse otseka kuti mphepo ya mashini isatuluke. Kagalu kawo kanakodza pa kapeti ya pabalaza, adona anandipatsa botolo la amoniya nkutuluka. Nditathira mundowa fungo linandibaya mphuno, ndiye mumtima ndinati lishiviya imapha fungo kuchimbudzi, apanso ipha. Ndinathira. Abale inu, sipanathe ndi mphindi ziwiri maso anayamba kuwotcha ngati andipaka tsabola, misozi chuchuchu, pakhosi kuthina, ndikufuna kukuwa koma mpweya osakwana, ndinachita kukwawa mpaka pakhonde pomwe mlonda anandiona nkundikokera panja pansi pa mtengo wa masau. Kuchipatala anamwino anandifotokozera kuti amoniya akakumana ndi lishiviya amatulutsa mpweya wa poizoni wotchedwa chloramine, umene umawotcha mapapo ndipo mchipinda chotseka utha kupha munthu. Sabata yonse mau anga anali osasa. Mpaka lero ndikangomva kafungo kake ndimayamba ndayang'ana komwe kuli chitseko.

Ndiye pamene anthu amandifunsa mmene angabisire fungo limeneli, mtima wanga suvomera. Fungolo likukuuzani kuti mpweya wa amoniya wachuluka mchipindamo, mwathira wambiri kapena mwatseka kwambiri. Ena amathira perefyumu kapena zofewetsera zovala, mphuno imanyengeka koma mapapo a mwana amene akukwawa pa kapetipo akupumabe zomwezo. Ndipo chimene chimandipweteka kwambiri ndi mankhwala awa ogulitsidwa mmisika mmabotolo a madzi akumwa opanda chizindikiro chilichonse, munthu sudziwa ngati ndi amoniya, lishiviya kapena zosakaniza kale, ndipo mwana akalipeza pansi pa bedi amaona ngati madzi. Zimenezi ziyenera kutha basi. Amoniya wa mnyumba wolembedwa bwino amakhala wapakati pa 5 ndi 10 peresenti, wa mbotolo lopanda dzina ndani angakuuzeni mphamvu yake?

Kwanu ku Angónia vuto ndi lina, kuzizira. Mwezi wa Juni ndani amatsegula zenera ku Ulongué? Kapeti imakhala yonyowa mpaka mawa lake, fungo lilibe kotulukira, usiku mwatseka zitseko mwina ndi mbaula mkati momwemo. Nchifukwa chake kwa inu likutha masiku awiri. Azakhali anga aku Domwe mpaka pano amakana kapeti, amati mphasa ukaitulutsa padzuwa nkuikuntha yatha, ndipo ine ndikamakula ndikuona kuti pa nyumba ya ana ang'ono akunena zoona.

Chinanso simunanene kuti dontholo ndi la chani. Ngati ndi mkodzo wa mwana kapena wa mphaka, amoniya musamugwiritse ntchito nkomwe, chifukwa mkodzo ukakhalitsa tizilombo timausandutsa amoniya yemweyo, ndiye mukungoonjezera fungo pa fungo, ndipo chiweto chimabwerera kudzakodza pomwepo. Lishiviya pa mkodzo ndiyenso ayi. Pamenepo ndi viniga wothira madzi theka ndi theka. Ngatinso kapeti yanu ndi ya ubweya weniweni wa nkhosa amoniya amaiwononga nkusukulutsa mtundu, yambani mwayesa pakona pobisika.

Ndiye muchite chani

Sipuni imodzi yaikulu ya amoniya mu kapu ya madzi ozizira yakwana, otentha amangouluza fungo msanga. Chitani mmawa dzuwa likuwala, ana ali panja, mazenera ndi zitseko zonse zotsegula, kapena kapetiyo muitulutse pabwalo. Nyowetsani kansalu koyera muzidinda pa dontholo osathira mwachindunji, kenako tsukani ndi madzi okha nkuumitsa ndi thaulo. Mukatero ndi pamene mupitepo ndi viniga wosungunula uja, amapha amoniya wotsalira. Osawasakaniza mbotolo limodzi chifukwa amathetsana mphamvu dontho nkukhala pomwepo, ndipo viniga nayenso asakumane ndi lishiviya. Pakauma wazanipo soda wophikira agone usiku, mmawa musese.

Za ana akutsokomola zija, mayi, ngati mpaka pano sizinasiye kapena wina akupuma movutikira, musadikire kuti kapeti iume, pitani nawo kuchipatala lero lomwe ndipo botolo la mankhwalalo mulitenge kuti akaone.