Si katuni iliyonse ya Batman yomwe ndi ya ana

Mayi, mwafunsa ngati mwana wanu wa zaka 7 angaonere makatuni a Batman ndi ngwazi zinzake omwe anakuikirani mu flash ku burning centre kuno ku Chibavi. Musamupatse musanasefe. Makatuni ambiri a ngwazi zimenezi amapangira akuluakulu.

Vuto limayambira pa flash pomwepo. Filimu ikamatuluka imakhala ndi chizindikiro cha msinkhu. Ku America amalemba G (ya aliyense), PG (makolo ayang'anire), PG-13 (mwina yosayenera ana osakwana zaka 13) kapena R (ya akuluakulu). Pa DStv mumaona 13, 16 kapena 18, ndi zilembo: V ndi ziwawa, L ndi kutukwana, S ndi zogonana. Koma anyamata okopera aja amangothira zonse mu foda imodzi ya makatuni, zizindikiro zija osaonekanso. Ndiye mwana amatsegula Batman: The Killing Joke ya 2016, yomwe ndi R, mmene Joker, mdani wa Batman, amawombera mtsikana n'kumulumalitsa miyendo, kenako kumuvula n'kumujambula zithunzi. Justice League Dark: Apokolips War ya 2020 nayonso ndi R, ngwazi zikuduka ziwalo magazi ali chuchuchu. Yomwe imapusitsa makolo kwambiri ndi Invincible ya 2021. Imayamba mokoma, mnyamata wa sukulu akuphunzira kuuluka, koma kuphana kosaneneka kumabwera kumapeto kwa gawo loyamba, inu mutakhutira kale n'kupita kukatereka nsima.

Choncho kuonera mphindi 5 zoyambirira sikukwanira. Lembani dzina la filimuyo ndi chaka chake pa Google, muonjezere mawu oti "parents guide". Tsamba la za mafilimu la IMDb limafotokoza malo pamene pali magazi, kutukwana kapena maliseche, ndipo silidya bandulo yambiri. Chaka n'chofunika chifukwa mafilimu a Batman ndi ambirimbiri. Mukatero thamangitsani filimuyo, muone pakati ndi mphindi 15 zomaliza. Ya R kapena 18 fufutani, osangoibisa mu foda ina, ana amaipeza. Ya PG-13 idikire mpaka afike ku sekondale. Pa dekoda ikani loko ya makolo ndipo musinthe PIN, chifukwa 1234 ana onse amaidziwa.

Za PG monga Big Hero 6 ya 2014 ndi Spider-Man: Into the Spider-Verse ya 2018 angaonere, koma mukhale naye pafupi, masana osati pokagona. Yoyambayo muli mkulu wake wa mnyamata akufera m'moto, inayo amalume akuwomberedwa. Ngati pakhomo pagwa maliro posachedwa, muyambe mwadikira kaye.

Pambuyo pake muzimuyang'ana. Akayamba kudzidzimuka usiku, kukana kugona yekha kapena kuchita chiwawa ndi ang'ono ake, filimuyo yamukulira msinkhu. Ndipo mukamuona wamanga chitenje pakhosi kuti akhale Superman, mumasuleni msanga, chitenje chikakola pa nthambi kapena pa mpanda chimamupotokola khosi.