Musaimwetse chilichonse hatchiyo, achimwene

Achimwene chonde chotsani chakudya chonse mkholamo pompano, udzu, ma pellet (timibulu ta chakudya chogula), olo ndowa ya madzi itulutseni, ndipo wina asabwere ndi botolo kuti aimwetse kanthu. Mu uthenga wanu mwati hatchi yomwe mukusamalira ikuchucha dovu, ikutsokomola, yasiyira chakudya pakati, koma za mphuno simunanene. Kaisuzumireni. Mukaona mukutuluka zamadzimadzi zosakanikirana ndi tizidutswa ta chakudya, komanso ikumatambasula khosi nkumalikunga ngati ikufuna kusanza, imeneyo yatsamwidwa, ma vet (madokotala a ziweto) amati choke. Chakudya chaima panjira yopita mmimba, malovu akusowa kolowera nde akubwerera, ndipo poti hatchi sisanza ngati ife zonsezo zimatulukira mmphuno. Kupuma imapuma ndithu chifukwa njira ya mpweya ndi ina, nchifukwa chake anthu amaziderera, koma zobwererazo zikangolowa mmapapo basi mwayamba nkhani ina.

Ndikulemba mtima ukuwawa chifukwa ine zinandionekera ndili groom, wosamalira mahatchi, pa plot ina cha ku Kyalami kuno ku Joni. Panali hatchi yaikazi yokalamba, yofatsa kwambiri, ana ankaphunzirira kukwera pa iyo. Mano ake anali atatha, ikamadya inkalavula timibulu ta udzu wotafunatafuna, ine mmawa ndinkatola nkumakamuonetsa manijala kuti bwana itanani wa mano. Yankho lake linali limodzi, ati yakalamba imeneyo tisaononge ndalama. Nde Lamlungu lina tinabwera usiku kuchokera ku show ya mahatchi tonse titatopa. Amene mumadyetsa beet pulp, zotsalira zouma za mbewu ya beet akafinya shuga, mukudziwa kuti imafunika kuviika mpaka ifufume bwinobwino. Manijala uja anatapa youma mthumba, kuwaza timadzi pamwamba, nkukhuthulira modyera yekha ndi manja ake, ati tiweruke msanga. Ndinayankhula, anandiyang'ana ngati sindine munthu.

Ndikutsuka zishalo ndinangomva kutsokomola kwachilendo, kochokera pansi penipeni. Kuthamangira kuja ndinapeza yaima miyendo itatangadza, khosi lili tambalala mutu uli pansi, dovu likulendewera ngati zingwe mpaka pa utuchi, mphuno zonse ziwiri zikutuluka phala lotuwa la beet lija. Thukuta khosi lonse. Ikati imeze thupi lonse linkagwedezeka kenako nkubuula, maso ali pa ine. Nditasisita kumanzere kwa khosi, komwe kumadutsa njira ya chakudya, ndinamva chibulu cholimba. Ndinati bwana imbirani vet chonde. Ati Lamlungu usiku call-out, ndalama yoitanira vet, ndi yodula, iyeyo wakhala ndi mahatchi kuyambira ali mwana palibe chomwe Mmalawi angamuuze. Anakatenga botolo la Coke lopanda kanthu nkudzadzamo mafuta ophikira, ati ndikweze mutu. Ndinakana. Anandikankha nkuitana mnyamata wina amene anali atangoyamba kumene, osauka uja sankadziwa kanthu, anakoleka chingwe pa mtanda wa denga nkuukoka mutu mpaka mphuno kuloza kumwamba. Abale anga phokoso lomwe linamveka mafuta aja akulowa sindidzaliiwala, kukhosi kunkangolira khororo khororo, hatchi ikuphupha miyendo yakutsogolo ikumenya khoma, mafuta ena akubwerera mmphuno ena osabwerera, ndipo osabwererawo ndinkadziwa komwe akupita poti njira ya mmimba inali yotsekeka. Ataona kuti sizikutheka anafuna alowetsenso payipi ya pa mpopi mkamwa, apo nde ndinaima pakhomo nkunena kuti mundimenye kaye. Iye anakagona. Ine ndinachezera mkholamo ndikuipukuta mphuno ndi thaulo mpaka kunja kunacha.

Vet anabwera mmawa mwini hatchi atamva. Anaibaya jakisoni woti ifooke mutu utsike pansi, taonani, PANSI osati kumwamba, nkulowetsa kapayipi kofewa kudzera mphuno, kumapopera madzi ofunda pang'onopang'ono nkumawasiya abwerere ndi zinyenyeswa mpaka njira inatseguka. Koma atamvetsera mmapapo nkhope yake inasintha, anafunsa kuti waimwetsa mafuta ndani. Mukudziwa chomwe munthu uja anachita? Analoza ine. Pamaso panga. Kuti ndine ndinapereka beet youma, ndine ndinathira mafuta, iye anali kulibe. Mnyamata uja anangowerama kuopa ntchito, sindimuda ayi. Sabata isanathe thupi linatentha kufika madigiri 40, mpweya wa mmphuno ukununkha chovunda, chibayo chokhachokha, anayesa ma jakisoni koma mapeto ake anaipha kuti isavutikenso. Ine anandidula malipiro a mwezi umenewo nkundiuza ndilongedze. Anthu oterewa amadziwa kuti ambirife tilibe kokadandaula, amadziwa kumudzi akudikira kandalama komweko, nde cholakwa chilichonse amamusenzetsa groom. Mpaka lero ndikaganiza za bambo ameneuja chakudya sichilowa. Mulungu ndi amene akudziwa.

Koma si dovu lililonse ndi choke ayi. Tengani thermometer muiyeze kumbuyo kotulukira ndowe, yabwinobwino imakhala madigiri 37.5 mpaka 38.5. Ikakhala yatentha kufika 40 kapena 41, ikupuma mobanika, ikutsokomola motsatizana, mmaenje a pamwamba pa maso mwatupa, kapena mmphuno mwayamba thovu loyera lopanda chakudya, imeneyo ikhoza kukhala African horse sickness, ija Maburu amati dunkop ndi dikkop. Imabwera ndi timidge, tizilombo ting'onoting'ono touluka, toluma madzulo ndi mbandakucha, makamaka mvula ikagwa yambiri, cha mu February mpaka chisanu chitayamba, ndipo ikakhala dunkop, mtundu wogwira mapapo, ndi zochepa kwambiri zomwe zimapulumuka. Onani mu passport ya hatchiyo, kabuku kolembamo katemera, ngati inabayidwa katemera, amabaya pakati pa 1 June ndi 31 October, mabotolo awiri motalikitsa masabata atatu. Imeneyi lamulo limati vet wa boma adziwitsidwe. Pakakhala zotupa pansi pa nsagwada ndi mamina olimba achikasu ndi nthenda yotchedwa strangles, imapatsirana kudzera mu ndowa, manja ndi zovala zanu zomwe, ipatuleni msanga. Nthawi zina ndi mano akuthwa akucheka tsaya, kapena kawaya, kamtengo, njere za udzu zabaya lilime, pomwe kutsokomolako ndi fumbi la udzu wa teff kapena wa lucerne wa nkhungu. Koma musapise dzanja mkamwa kuti mufufuze, makamaka ngati yasintha khalidwe kapena ikudzandira, chiwewe chimagwiranso hatchi ndipo chimayenda mmalovu omwewo.

Tsono ngati ndi choke musachite phuma kwambiri, zambiri zimatsika zokha hatchi ikangokhala phee mutu uli pansi popanda chodya. Ipatseni mphindi 30, isisiteni khosi kumanzereko mofatsa kutsikira mmunsi, osafinya. Zikapitirira apo vet abwere basi. Komabe foni imbani panopa, olo angokuuzani pafoni chochita, dzina lanu lioneke kuti munaimba. Jambulani video ya hatchiyo, ya chakudya chomwe yadya ndi amene wapereka, mutumize kwa mwini wake pa WhatsApp nthawi yomweyo kuti mawa wina asakulozeni chala. Koma musakangane naye manijala wanu achimwene, ntchito zikusowa kunja kuno, muyankheni mwaulemu, akakakamira za botolo nenani kuti mwini wake wakana.

Ikatseguka musathamangire kuipatsa udzu wouma chifukwa kummero kumakhala kwasupuka, ikhoza kutsamwidwanso. Yambani ndi madzi, kenako ma pellet oviika mpaka akhale phala, pang'onopang'ono, modyera muike pansi. Muziiyeza thupi mmawa ndi madzulo kwa masiku atatu kapena kuposa, ikangodutsa 38.5 kapena kutsokomola kukabwerera vet abwerenso amve mmapapo, ndipo akabwera mumupemphe aone ndi mano omwe.