Njinga yachiwiri: yankho kwa achimwene a ku Ntcheu amene Boxer yawo ikulephera chitunda

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa owerenga ena a ku Ntcheu. Dzina ndalisunga. Akuti ali ndi Boxer ya 100cc imene anaigula yatsopano zaka zisanu zapitazo, ndipo ndi imene amakapikulira mbatatesi ku Tsangano n'kudzagulitsa m'mphepete mwa msewu wa M1. Njingayo sinawagonekepo panjira, koma masiku ano akaisenzetsa matumba awiri imangolira pachitunda osasuntha, mpaka nthawi zina amatsika n'kumaikankha. Asunga kandalama ndipo akufuna yachiwiri. Aona ziwiri: Yamaha DT 125 yakale imene inali ya bungwe lina, ndi ina yatsopano ya 150cc ya ku China imene munthu wina akuigulitsa motchipa kumalire, koma ilibe mapepala. Boxer ija akufuna aipereke kwa mphwawo, mwana wa mlongo wawo, kuti aziyendetsa kabaza. Funso lawo ndi lakuti atenge iti.

Achimwene, zikomo polemba. Ndikuyankhani motalika ndithu, chifukwa dzenje limene mwaima m'mphepete mwake ine ndinagwamo kale, njinga zake zomwezinso. Ndinali ndi Boxer 100, ndinawonjezera DT, ndipo ndinazisunga zonse ziwiri kwa chaka ndi miyezi ingapo.

Sabata yoyamba ndi DT ndinali ngati mkwati. Njingayo ndi yaitali, ukakhalapo umaona msewu kuchokera pamwamba. Tayala lake lakutsogolo ndi la mainchesi 21, pamene la Boxer ndi la 17, ndiye dzenje limene Boxer imagweramo n'kukugwedeza msana, DT imangolidumpha. Popita kwathu ku Dedza pali kamtsinje kamene nthawi ya dzinja ndinkatsika n'kuvula nsapato. Ndi DT ndinawoloka nditakhala, anyamata amene ankadikira kunyamula njinga za anthu n'kumangondiyang'ana. Nditabwerera kunyumba n'kuiona Boxer ili pakhonde, inandionekera ngati kachidole. Ndinayamba kuipezera zifukwa zimene kwa zaka zonse sindinazionepo: ati mpando wauma, ati siithamanga, ati mabuleki ndi ofooka. Njinga yatsopano imakuchititsa kunyoza yakale, ndipo kuyerekeza kumene munthu umachita masiku oyambirirawo n'kopanda chilungamo. Ukuyerekeza njinga imene ukuidziwa matenda ake onse ndi ina imene sinakuonetsebe ake.

Ake inandionetsa mwezi wachitatu.

Choyamba mafuta. Ndinkalemba m'kakope makilomita ndi malita. Boxer yanga pa lita imodzi inkandipitirira makilomita 50. DT siinkafika 30. Kusiyanaku sikuti DT inali yodwala ayi, ndi mmene injini yake inapangidwira. Ndi ya two-stroke: imaphulitsa mafuta pa kuzungulira kulikonse, ndipo ena amathawira ku ekizozi asanapse. Boxer ndi ya four-stroke, ili ndi mavalavu, imaphulitsa kamodzi pa kuzungulira kuwiri. Pamwamba pa petuloyo, DT imamwanso oyilo wake wa 2T amene amapsera limodzi ndi mafuta, n'chifukwa chake imafuka utsi wabuluu. Oyiloyo ali ndi kathanki kake ndi kapampu kake. Akatha osadziwa, kapena pampuyo ikafa, pisitoni imagwira pomwepo muli paulendo. Inu mukudziwa mizere ya mafuta imene taiona m'zaka zapitazi, anthu kugona pa filling station, ena kugula a m'zigubu pa mtengo wowirikiza. Nthawi ngati imeneyo njinga yakumwa kwambiri imangokhala chokongoletsa pakhonde.

Chachiwiri, ndipo ichi ndiye chikukhudza ntchito yanu, DT si njinga yonyamula katundu. Mphamvu zake zimabwera injini ikalira kwambiri. Pansi, pamene mukuyamba kusuntha ndi katundu pachitunda, ilibe chikoka, ndiye mumakakamizika kuilizitsa uku mukutsetsereza kalatchi, ndipo mapuleti a kalatchi amapsa msanga. Mpando wake ndi wowonda, kaliyala ndi kakang'ono, ndipo chifukwa ndi yaitali, thumba likakhala pamwamba njinga imayepa pokhota. Tsiku lina ndinamangapo thumba limodzi la chimanga kuchokera kumudzi. Pa malo ena otsetsereka ndinafuna kuponda pansi, phazi silinafike, ndipo tinagona tonse atatu, ine, njinga ndi chimanga. Amayi ena amene ankachokera kudimba ndi amene anandithandiza kuidzutsa, akudziletsa kuseka. Boxer inali itanyamula matumba otero kambirimbiri osandichititsapo manyazi. Alangizi ndi anthu a mabungwe amaikonda DT pa chifukwa chomveka: amayenda okha, ndi chikwama cha mapepala kumsana, m'misewu yoipa. Inu simuyenda choncho.

Kanthu kena kakang'ono koma koopsa. Boxer yanga magiya onse ndinkaponda pansi. DT giya yoyamba ndi pansi, zotsalazo m'mwamba. Ukamasinthasintha njinga, phazi limasokonezeka. Kangapo konse ndinaponda pansi pofuna giya yapamwamba, tayala lakumbuyo n'kukukuta. Pafumbi zimenezi zimagwetsa.

Ndiye pali masipeya. Pisitoni, maring'i, tcheni ndi masipuloketi a Boxer mumawapeza pa boma pa Ntcheu pomwepo, pa Lizulu, ngakhale m'timashopu ta pa siteji ya kabaza, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo amaimasula atatsinzina. Za DT zenizeni ndinkazilondola ku Lilongwe, ndipo kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yake inafika poti umafunsa kawiri poganiza kuti sunamve bwino. Zotchipa zilipo, koma pisitoni yotchipa mu two-stroke siikhalitsa. Sindikuinyoza DT. Ndi njinga yolimba, ndipo imene ndinagulayo inali itazunzidwa kale ndi anthu ambiri amene ankaikwera podziwa kuti si yawo. Njinga ya bungwe imakhala choncho: penti yowala, mtima wotopa. Ngati mtima wanu wakakamirabe pamenepo, kaioneni m'mawa injini isanalizidwe, muilize nokha ndi kiki, mumvetsere ngati mukugogoda chinthu m'kati, ndipo muone ngati pampu ya oyilo ikadalipo kapena anaidula n'kumasakaniza oyilo m'thanki. Mufunsenso kalata yogulitsira yochokera ku bungwelo. Njinga zambiri za mabungwe zimalowa m'dziko muno osalipira msonkho, ndiye muyenera kudziwa ngati nkhani ya ku MRA inatha pamene inkagulitsidwa, apo ayi kusintha umwini ku Road Traffic kudzakuvutani.

Ya kumalire ija sinditayapo nthawi. Chikomekome cha mkuyu. Njinga yopanda mapepala simungailembetse, yosalembetsa simungaidulire inshuwalansi, ndipo inu njira yanu ndi M1, kumene marodibuloko sasowa. Ikagwidwa, msonkho umene munauthawa mudzaulipira pamodzi ndi chindapusa, kapena njinga idzatsala komweko. Ikabedwa, mukanena kuti chiyani kupolisi, poti palibe pepala lokhala ndi nambala ya chasisi ndi dzina lanu? Ndipo mukudziwa bwanji kuti kutsidyako siinabedwe? Njinga za ku China zabwino zilipo, anyamata ambiri akudyera zomwezo, koma muzigula kwa wogulitsa amene akupatsani risiti ndi mapepala a kasitomu. Kutchipa kwa iyoyo ndi ndalama ya msonkho imene mwangoikankhira kutsogolo.

Tsopano ndibwerere ku Boxer yanu, chifukwa m'kalata mwanu muli mawu amodzi amene ndawagwira. Mwati "masiku ano" ikulephera chitunda. Ndiye kuti kale inkakwera. Chitunda cha ku Tsangano sichinakule, matumba ndi omwewo. Chasintha ndi njinga, ndipo zimene zimafooketsa njinga ya zaka zisanu zimadziwika. Fyuluta ya mpweya imatsekeka ndi fumbi, ndipo kumtunda kozizira ngati kumeneko mpweya ndi wopepuka kale, ndiye injini imabanika kawiri. Mapuleti a kalatchi akatha, injini imalira koma tayala silikoka, zimene zikufanana kwambiri ndi zomwe mwafotokoza. Mavalavu amafuna kutchunidwa. Maring'i akatha mumaona oyilo akuchepa ndi kautsi kumbuyo. Tcheni chotambasuka pa masipuloketi osongoka ngati minga chimadyanso mphamvu. Zonsezi pamodzi sizingafike ngakhale pafupi ndi mtengo wa njinga ina.

Palinso nzeru imene amakaniko a m'madera a mapiri amaidziwa: kuika sipuloketi yakumbuyo yokulirapo, ya mano awiri kapena atatu owonjezera. Njinga imataya liwiro pang'ono pa tala, imamwa mafuta ochulukirapo pang'ono, koma pachitunda imakoka ngati ng'ombe. Nthawi zina pamafunika kuwonjezera tcheni. Ine ndinazichita nditagula kale DT, ndipo tsiku limene ndinakwera chitunda cha kwathu pa giya yachiwiri ndi thumba kumbuyo, ndinadzifunsa kuti ndalama zanga zija ndinaziponyeranji.

Ndiye musanagule chilichonse, kaikonzetseni Boxer, mupite nayo ku Tsangano kawiri. Ngakhale mutagula ina, kukonzako sikupita pachabe, poti simungamupatse mphwanu njinga yodwala n'kumayembekezera tageti, ndalama ija yoti azikupatsani pa tsiku.

Ikakalepherabe, kapena ngati bizinesi yakula moti mukufunadi ziwiri, yankho langa ndi lakuti pa ziwiri mwatchulazo musatengepo iliyonse. Tengani njinga yonyamula katundu ya 150cc yokhala ndi mapepala, monga Boxer 150 kapena TVS HLX 150. Zonsezi ndi za ku India, za four-stroke, zampando wautali ndi kaliyala wolimba, zopangidwira ntchito yonga yanuyi. Boxer 150 injini yake ndi ya 144.8cc, ndipo chimene mudzachimve msanga si liwiro koma chikoka poyambira. Ubwino wina ndi wakuti makaniko wanu ndi yemweyo, shopu ya masipeya ndi yomweyo, oyilo ndi wa mtundu umodzi. Ine ndinali ndi mabotolo awiri a oyilo osiyana pashelefu ndi amakaniko awiri osagwirizana, aliyense akunyoza njinga ya mnzake. Ngati ndalama sizikukwana, dikirani mugulitse mbatatesi za nyengo ino. Onaninso laisensi yanu: ya A1 imathera pa 125cc, ndipo njinga yoposa pamenepo imafuna ya A. Anthu ambiri amazindikira zimenezi ataimitsidwa kale pamsewu.

Chinthu china chimene palibe anandiuza n'chakuti munthu mmodzi sakwera njinga ziwiri. Imodzi imaima, ndipo njinga yoima imawonongeka mwakachetechete. Batire limatha, matayala amaphwa n'kung'aluka m'mbali, tcheni chimachita dzimbiri. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo akakhalitsa mu kabureta amakoka chinyezi n'kusiya utoto umene umatseka majeti. Boxer yanga inaima miyezi iwiri ija ndinkanyadira DT. Tsiku limene ndinaifuna mwadzidzidzi, ndinaponda kiki mpaka thukuta, osalira. Inshuwalansi ndi COF nazonso zimakhala ziwiri, kaya njinga ikuyenda kaya yaima.

Inu mwati yakaleyo siidzaima, idzapita kwa mphwanu. Apa ndiye ndikupemphani mukhale pansi. Mwana wa mlongo wanu si mnyamata wongomulemba ntchito. Tsiku limene adzabwere wopanda tageti n'kunena kuti kunalibe makasitomala, inu ngati malume mudzatani? Mukakalipa, madzulo ake foni ya achemwali anu ilira. Ndaona maubale akuzizira chifukwa cha kiyi wa njinga. Ngati mukumupatsadi, mugwirizane pamaso pa mayi ake, ndipo mulembe: ndalama ya pa tsiku, tsiku lopuma, wogula oyilo ndani, wogula tayala ndani, njinga igona kuti. Oyilo makamaka mudzigulira nokha ndipo muziona akuthiridwa, chifukwa mnyamata amene akuthamangitsa tageti chinthu choyamba kuchidumpha ndi chimenecho. Akhale ndi laisensi, zipewa ziwiri, ndipo inshuwalansi ikhale yovomereza kunyamula anthu. Akagunda munthu, amene adzafunidwe ndi mwini njinga, dzina lili pa bulu buku. Ena amachita bwino pogwirizana kuti mnyamata akalipira kwa miyezi yakutiyakuti njinga idzakhala yake. Wotero amaisamala ngati yake kuyambira tsiku loyamba, ndipo inu mumadziwa tsiku limene nkhaniyo idzathe.

DT yanga ndinaigulitsa kwa mphunzitsi wina amene sukulu yake ili kuseri kwa phiri, kumene galimoto siifika dzinja lonse. Amayenda yekha ndi makope m'chikwama, ndipo mpaka lero akandiona amandithokoza. Ndinaluzapo ndalama, koma osati zambiri. Boxer ikadali pakhonde, ndi sipuloketi yake yaikulu ija.

Mukapita kwa makaniko, muuzeni ayambe ndi kalatchi. Ndipo mukandilemberenso, mundiuze kuti matumba anuwo ndi a makilogalamu angati, chifukwa matumba a mbatatesi amene ndimawaona pa Tsangano turn-off, osokedwa mlomo ndi kusanjikiza pamwamba aja, awiri okha akhoza kugonjetsa ngakhale 150.