Kukoka mitengo ya Bitcoin ndi Python: yankho kwa mchemwali wa ku Lizulu

Mchemwali wina wa ku Lizulu, wophunzira statistics, wanditumizira imelo. Akufuna mitengo ya Bitcoin ya zaka zingapo kuti ayeze kusinthasintha kwake, koma watopa ndi kukopera manambala pamanja mu Excel. Akufunsa ngati pali njira yachidule.

Ilipo, achemwali. Pa Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, ikani ma library awiri (zida zolembedwa kale): ccxt yokokera mitengo ndi pandas yosanjira manambala. Library ya ccxt imalumikizana ndi misika yambiri, monga Binance ndi Kraken, ndipo kuti muone mitengo sipafunika akaunti. Mukaitana fetch_ohlcv, lamulo la mu ccxt lokokera mitengo, ndi "BTC/USDT" (mtengo wa Bitcoin mu USDT, ndalama ya pa intaneti yotsatira dola) komanso "1d" (mzere umodzi pa tsiku), mzere uliwonse umabwera ndi nthawi, mtengo wotsegulira, wokwera kwambiri, wotsika kwambiri, wotsekera, ndi kuchuluka kwa malonda.

Koma msika supereka zonse kamodzi. Binance imapereka mizere yosapitirira 1000 pa pempho limodzi, ndiye mumabwereza mukusuntha since, yomwe ndi nthawi yoyambira kukoka. Kraken ndi yaumbombo, imangotulutsa mizere 720 yaposachedwa. Binance inayamba mu 2017, choncho mukafuna zakale kuposa apo, library ina yotchedwa yfinance ili ndi BTC-USD (Bitcoin mu dola) kuyambira September 2014. Zikangobwera, sungani mu fayilo ya CSV, yomwe imatseguka ndi mu Excel momwe. Bandulo yake iti yokokera zomwezomwezo tsiku ndi tsiku?

Kukoka n'kosavuta. Pogona nkhani ndi pa kuwerengera.

Nthawi imabwera mu ma millisecond, pa wotchi ya dziko lonse yotchedwa UTC, pomwe ife tili patsogolo ndi maola 2. Tsiku la msika limatha 2 koloko usiku kuno ku Dedza. Mukakoka masana, mzere womaliza umakhala wa tsiku losatha, ndiye uchotseni. Komanso msikawu sutseka, ngakhale Lamulungu kapena pa Khirisimasi. Powerengera volatility (kusinthasintha kuja) ya pachaka gwiritsani masiku 365, osati 252 omwe mabuku a stock market anatizoloweretsa. Ndipo yezani ma log return (log ya mtengo wa lero pougawa ndi wa dzulo), osati mtengo weniweniwo.

Tsono pa kwacha chenjerani. Mu November 2023 Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha, mtengo wa dola n'kukwera ndi 44 peresenti. Mukasintha mitengo yanu kukhala makwacha, graph idzalumpha mwezi umenewo ngati Bitcoin yapenga, chonsecho yagwa ndi kwacha. Ine ndikadakhala inu, ndikadawerengera zonse mu dola, za kwachazo n'kuziika mu column yakeyake. Aphunzitsi anu akadzafunsa za November ameneyo, mudzawaonetse ma column awiriwo.