Yankho kwa msuweni pa nkhani ya machubu ija

Eee, msuweni, ndaumva uthenga wako. Dikira nditsitse wailesi... eya. Ndiye ukufunsa ngati kuyezetsa machubu a chiberekero, kuja amayeza mimba ikamavuta kubwera, kumapweteka, ati ukufunsira mnzako wa kuntchito. Iwe! Mnzakoyo mawu ake akunjenjemera ngati ako bwanji? Mugulu muno tilimo atsikana anayi okha, usatibisire.

Kupweteka kumapweteka pang'ono, ngati cham'mimba cha kumwezi. Amathira mankhwala m'chiberekero n'kujambula ndi X-ray, mphindi zochepa watha. Koma chikukusowetsa tulo si chimenecho, ndimakudziwa ine.

Ukuwakumbukira amalume a ku Ntcheu? Osati a njinga yamoto, ayi, aakulu aja, a chigayo. Akazi atatu, iwe. Woyamba anamupitikitsa ati ndi chumba, agogo n'kumavomereza. Wachiwiri anamumwetsa mizu mpaka kuwonda. Ndinamuona ndekha akusamba kudambo, msana wonse mphini zokhazokha. Wachitatu anangolongedza yekha. Ndiye taona, woyamba uja atakwatiwa ku Balaka anabereka ana asanu... ayi, anayi, winayo anali wa mng'ono wake. Wachiwirinso anabereka. Anthu n'kumanong'onezana kuti amalume anagwa mumpapaya, koma pamaso pawo zii. Amayi ankati amalumewo anadwala matsagwidi atakula kale, anatupa mpaka kumusi. Palibe anawauza kuti zimenezo zimatha kuononga mbewu ya mwamuna. Anathera mu kachasu, okhaokha m'nyumba yamalata ija. Ndimawamvera chisoni, nawonso zinkawadya mumtima, kungoti analibe womuuza.

Ndimati chiyani kodi... eya. Alamu akayezetse. Usapitenso wekha kuchipatala. Kwa mwamuna n'kosavuta, akhale masiku 2 mpaka 7 osagonana, apereke umuna m'kabotolo, basi. Madokotala amati pafupifupi theka la mabanja ovutika chonchi, vuto limakhudzanso mwamuna. Ndipo a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, mu 2023 anati munthu mmodzi mwa 6 alionse amakumana ndi vuto losabereka pa moyo wake, ndiye usamadzione ngati wotembereredwa.

Ine zaka zinayi zija munkandiona ndikuseka m'maukwati, koma mwezi uliwonse ndikaona magazi ndinkalirira kubafa, mpopi uli chitsegulire kuti apongozi asamve. Kugona ndi mwamuna wanga kunasanduka ganyu ya pakalendala. Mtima unayamba kukhala pansi tsiku limene abambo akunyumba anakhala nane pabenchi yachipatala, atagwira kabuku kawo, mimba isanabwere n'komwe.

Ndiye machubu uyezetse, inde, koma alamu ayambe ndi iwo, kapena muyezetse limodzi. Zimene akulankhula azilamu ako kuti ukungodya nsima ya mchimwene wawo, ayankhe ndi mwini wakeyo, osati iwe.

Wandimva? Mupite awiri. Ngati ukuopa kuwayamba, Loweruka ndibwera ndi abambo akunyumba, akambirane pachimuna pakhonde, ife tili kukhitchini. Undiphikire chigwada chotendera, usayambe zonamizira kuti nsinjiro zatha.