Ndakweza bid, nanga bwanji malonda anga sakufika pamwamba pa Google?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, amene amaika ma solar m'nyumba za anthu. Akuti Google Ads, yomwe amatsatsirapo malonda awo, inawaonetsa kuti masenti 80 ndi okwanira kuti malonda awo aoneke pamwamba pa tsamba. Iwo anaika dola yathunthu ngati bid (ndalama yomwe wotsatsa amavomera kulipira munthu akadina malonda ake), koma akalemba "solar installation Harare" amadzipeza ali pansi, mwinanso osaoneka n'komwe. Funso lawo ndi lakuti, kodi akuberedwa?

Achimwene, palibe amene akukuberani. Nambala imene mwaiona ija, yomwe amaitcha top of page bid estimate, ili ngati mtengo wa tomato umene mnzanu wakuuzani atabwera ku Mbare Musika dzulo. Sananame, koma inu mukafika lero mupeza zina. Google imaiwerengera potengera mpikisano wa masiku apitawa ndi Quality Score (malikisi a ubwino omwe Google imapereka) ya mawu omwe munasankha kuti anthu akawasaka akupezeni, pomwe okushoni yeniyeni yolimbirana malowo imachitika mwatsopano nthawi iliyonse munthu akasaka. Magetsi akavuta sabata imeneyo, anzanu ogulitsa ma solar nawonso amakweza ndalama, nambala ija n'kutsalira.

Chimene ndikufuna mumvetsetse n'chakuti malo sagulidwa ndi ndalama zokha. Google imasanja otsatsa ndi chimene imachitcha Ad Rank, ndipo m'menemo muli bid yanu, ubwino wa malonda anu, komwe wosakayo ali, ngakhale chipangizo chimene akugwiritsa ntchito. Ubwinowo mungauone pa Quality Score, yoyambira 1 mpaka 10. Imayang'ana ngati anthu angadine malonda anu, ngati mawu ake akugwirizana ndi zomwe munthu wasaka, ndiponso tsamba lomwe amafikirapo akadina. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Munthu ali pa foni, data yake ndi yowerengeka, wadina kuti aone mtengo wa inverter, koma akufika pa tsamba lochedwa kutseguka lodzaza ndi mbiri ya kampani. Abwerera basi. Mnzanu woika ndalama zochepa koma tsamba lake likuyankha funso la wogula angathe kukhala pamwamba panu, ndipo zimandiwawa kuona amalonda ang'onoang'ono akuthira madola pomwe chofunika chinali kukonza tsamba limodzi.

Dziwaninso kuti dola munaika ija ndi malire chabe. Kawirikawiri mumalipira yocheperapo munthu akadina.

Lekani kudzisaka nokha pa Google. Mukatero malonda anu amawerengedwa kuti aoneka koma sanadinidwe. Gwiritsani ntchito Ad Preview and Diagnosis ya mu Google Ads, yoonera malonda anu popanda kuwerengedwa, imene imakuuzaninso ngati bajeti ya tsikulo yatha. Nambala ya average position, yomwe inkasonyeza malo omwe malonda anu ankaonekera nthawi zambiri, inachotsedwa mu 2019, choncho onani Impr. (Top) % ndi Impr. (Abs. Top) %, zosonyeza kuti pa nthawi zomwe munaoneka, ndi kangati munali pamwamba ndipo ndi kangati munali woyambirira weniweni.

Ndikanakhala inu, bid sindikanaikhudza mwezi uno. Ndikanachepetsa dera kuti likhale Harare ndi Chitungwiza, kumene galimoto yanu imafika. Mawu ngati "jobs" ndi "free" ndikanawaika pa negative keywords (mawu omwe munthu akawasaka malonda anu saoneka), chifukwa ofuna ntchito akudinanso pa ndalama zanu. Tsamba lomwe anthu amafikirapo akadina likhale ndi mitengo ndi batani la WhatsApp poonekera. Pakatha milungu inayi mudzandilemberenso, mundiuze Quality Score yanu yafika pati.