Ndi crossbow mutha kusaka ngakhale phewa linavulala

Achimwene, pa funso lanu loti kodi mungathe kusaka pamene phewa lanu linavulala, inde mutha kusaka agwape bwinobwino ngakhale dzanja lamanjalo latha mphamvu, koma gulani crossbow (uta wogwiridwa ngati mfuti) yokhala ndi crank, kachipangizo kopukusa kamene kamakoka chingwe. Osalimbana ndi yokoka ndi manja ayi, zambiri zimafuna mphamvu ya mapaundi 150 kapena kuposa, phewa lovulalalo lingathereretu.

Ubwino wake ndi woti mukakoka chingwe chimakhala chokoleka chokha mpaka mutakhethemula, ndiye simukhala mukunjenjemera ngati ndi uta wamba uja. Mnzanga wina amene timasaka naye amayenda pa wilitcheya, iye amangoikhazika crossbow yake pa ka tripod (kachoimikira ka miyendo itatu) mkati mwa kachisakasa kobisaliramo n'kudikira phee, gwape akafika pafupi mayadi 30 basi nkhani yatha. Kutali kuposa mayadi 40 ife sitilasa, umangovulaza nyama n'kukafera kutchire osaipeza. Chimodzi chokha, zala zanu zisakhale pamene pamadutsa chingwe, anthu ena anaduka nazo chala chachikulu.

Poti mwati muli ku Ohio, ku America, muli ndi mwayi, kumeneko crossbow ndi yololedwa kwa aliyense nyengo yosaka ndi uta, bola layisensi ndi chilolezo cha gwape. Ma state ena amafuna kalata ya dokotala kaye, ndiye mukafuna kukasaka kwina funsani ofesi yoona za nyama zakutchire ya kumeneko. Abale athu a ku Britain musayerekeze, kusaka ndi uta kapena crossbow n'koletsedwa ndi lamulo la 1981.

Musanagule kaonaneni ndi dokotala kapena wa physio ayeze ngati phewalo lingathe kunyamula, chifukwa crossbow imalemerera kutsogolo kwambiri.